Amisiri a rauta aziphunzira kaye asanabwere kwathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za amisiri ena amene akumatilumikizira intaneti kuno ku Ulongwe, chifukwa ine zandiwawa. Mwezi watha pa ofesi yathu tinagula rauta yatsopano, makina ogawa intaneti, mametikali ambirimbiri ndithu, kuti tilumikize faiba (chingwe chonyamula intaneti pogwiritsa ntchito kuwala) komanso mafoni a dijito. Mnyamata amene anatumizidwa anangotenga ka SFP, kachipangizo kolowetsa mu rauta kolumikizira chingwe cha faiba, nkukabaya basi, osaona kuti ndi ka faiba ya mtundu wa multimode pomwe chingwe chathu ndi chachikasu cha mtundu wina wa single-mode, ndiye kagetsi kake osayaka masiku atatu ife makasitomala akutifunsa tikungoti mawa mawa. Chinandiopsa kwambiri nchoti amasuzumira kunsonga kwa chingwe kuti aone ngati muli kuwala, abale laser ya 1310 nm yoyenda m'chingwemo siioneka koma imawononga diso, ndinachita kumukuwira kuti achimwene siyani zimenezo! Tizivindikiro toteteza fumbi anangotitaya pansi, pomwe fumbi la ku Angónia nthawi yotentha mukulidziwa.

Khadi ya mafoni nayo anaiika pa T1, njira ya ku America yonyamulira mafoni ya mizere 24, chonsecho kuno timagwiritsa E1 ya 2.048 Mbps yonyamula mafoni 30 nthawi imodzi. Mpaka tinaitana bambo ena ochokera ku Tete, anapukuta nsonga ija, kusintha ka SFP, kubweza khadi pa E1, zonse zinayaka tsiku lomwelo. Makampani inu aphunzitseni anyamatawa chonde, ndalama ya shapa ya bambo aja kupita ndi kubwera tinalipira tokha.

Wodandaula,
Ulongwe, Angónia