Foni sinawonongeke, njira ndiyo yachepa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa zimene ndimaona tsiku la msika kuno ku Lizulu, kumene ndimakonza mafoni. Ikamakwana 10 koloko, malole ogula kachewere ndi kabichi atandanda mphepete mwa M1, anthu amayamba kufika pa benchi yanga: "Achimwene, taonani foniyi, timizere ta netiweki tadzaza koma ndalama sizikupita." Sabata yatha mayi wina wogulitsa matimati anatulutsa K5,000 pamfundo ya chitenje kuti ndiwatsegulire foni. Ndinakana, ndipo mtima unandiwawa, chifukwa ndalamayo anaikhetsera thukuta. Ndinawauza kuti adikire. Msika utabalalika, uthenga unalowa wokha.

Timizere tija timangonena kuti foni ikuimva nsanja ya netiweki. Sitinena kuti ndi anthu angati amene akulimbirana nsanja yomweyo.

Masamu ake anapezeka kalekale. Mu 1948 katswiri wa masamu Claude Shannon anasonyeza kuti njira iliyonse yotumizira uthenga ili ndi malire, kutengera kukula kwa mafunde onyamula uthengawo ndiponso mphamvu ya mawu poyerekeza ndi phokoso. Kenako Rudolf Ahlswede mu 1971 ndi Henry Liao mu 1972 anapeza malirewo pamene otumiza achuluka koma womvera ndi mmodzi. Tiyerekeze kuti foni iliyonse ikufika pa nsanja ndi mphamvu yofanana ndi phokoso. Ikakhala yokha imatumiza muyeso umodzi. Zikakhala ziwiri, pamodzi sizifika miyeso iwiri ayi, zimalekera pa 1.58. Zikakhala khumi zimalekera pa 3.46, kutanthauza kuti iliyonse yatsala ndi kagawo kamodzi mwa magawo atatu a zimene ikanatumiza ili yokha. Ndiye ganizirani msika wonse wa Lizulu.

Ndipo apa ndikunena pamene zonse zayenda mwadongosolo. Ku Hawaii, Norman Abramson ndi anzake atayambitsa netiweki ya ALOHA mu 1971, makina aliyense ankatumiza nthawi imene wafuna. Mauthenga ankagundana, moti njirayo sinkagwira ntchito kuposa magawo 18 pa 100. Nthawi itadulidwa m'zigawozigawo, malire anakwera kufika pa magawo 37 pa 100. Ndi zimene mfumu imachita pabwalo, kupereka mpata mmodzimmodzi kuti mlandu umveke. Netiweki ya GSM, imene tifoni tathu ta mabatani timadalira, imagawa njira imodzi ya mafunde m'mipata isanu ndi itatu. 4G imagawa mochenjera kuposa apo, koma nayonso malire a Shannon siingawalumphe.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona munthu akugulitsa mbuzi kuti agule foni ina poganiza kuti yakaleyo yatopa. Yatsopanoyo ikaima pamzere womwewo. Kukwera pachulu kumathandiza amene ali kutali ndi nsanja, osati ife amene tapanikizana pansi pake.

Chimene chingatithandize ndi nsanja zing'onozing'ono zochuluka m'misika ikuluikulu, kuti anthu agawikane, komanso mafunde owonjezera, amene bungwe la MACRA ndilo limagawa. Ndikupempha mainjiniya a makampani a mafoni kuti akamayeza netiweki azibwera tsiku la msika m'mawa, malole asananyamuke. Akafika ndidzawapatsa mpando pa benchi yanga, awerenge okha amene akubwera ndi foni zabwinobwino m'manja.

Ine wanu,
Wokonza mafoni,
Lizulu, Ntcheu