Anyamata ojomba kusukulu akuwalondola ndani?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yoteteza ana a sukulu kwa anthu amene amawakokera ku ziwawa n'kuwadzaza chidani m'mitu. Ambiri akamva zimenezi amaganiza za zigawenga za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zimene zinayamba kuchita zamtopola ku Mocímboa da Praia mu 2017 ndipo zakhala zikuba ana n'kuwapatsa mfuti. Zimenezo n'zoopsa ndithu, komanso zili pafupi. Koma muno mu Lilongwe wokopa ana athu amabwera ndi malaya a chipani, kabotolo ka mowa ndi ndalama ya chipisi.

Amene tinali mumzinda uno mu 2019, chisankho cha pa 21 Meyi chitabutsa zionetsero, tinadzionera tokha anyamata a msinkhu wa Sitandade 7 ndi Fomu 1 akuyatsa matayala ndi kugenda. Sindikunyoza zionetserozo, pakuti khoti linagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti chisankhocho sichinayende bwino. Chondiwawa n'chakuti mwana wa zaka 13 ankafunanji mu utsi wokhetsa misozi, ndipo anamutuma ndani? Kutuma achinyamata n'chizolowezi chakale cha andale athu. Apayoniya a chipani cha MCP analandidwa zida ndi asilikali pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, koma pambuyo pake kunabwera ma Young Democrats a UDF, kenako makadeti a DPP, ndipo posachedwapa taona anyamata obisa nkhope akuthamangitsa anthu ndi zikwanje dzuwa likuswa mtengo.

Ulendo wa mnyamata wotere umayambira pa kaundula wa m'kalasi. Ine ndili m'komiti ya makolo pasukulu ina ya pulayimale mumzinda muno. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi ambiri a m'tauni ana amapitirira 100, ena atakhala pansi. Mphunzitsi wotero simungamuimbe mlandu akapanda kuona kuti mnyamata wina sanabwere Lolemba. Lachiwiri sabweranso. Sabata ikamatha ali kudepoti kapena kumsika wa Tsoka, akugulitsa majumbo, akutsuka maminibasi, masana akukabisala kokaonera mafilimu. Kumeneko amakapeza mkulu wina amene amamuitana ndi dzina, kumufunsa ngati wadya, n'kumugulira mandasi. Kwa ana ena ameneyu ndiye wamkulu woyamba kuwafunsa funso limeneli chiyambire chaka. Tsono tsiku limene mkuluyo adzanene kuti a chipani chakuti, a mtundu wakuti kapena a chipembedzo chakuti ndi adani, mwanayo adzakana bwanji? Amupatsa kale chamba, amulowetsa kale m'gulu la pa WhatsApp m'mene mauthenga onyoza mitundu ina amazungulira usana ndi usiku.

Pa atsikana tachitapo kanthu, ndipo ndikuwavulira chisoti amayi a mother group. Mtsikana akajomba masiku angapo amanyamuka kupita kwawo, kukakhala pamphasa ndi makolo, kuthetsa ukwati ngati wayambika, ndipo wochembeza amamubwezera m'kalasi. Nanga mnyamata? Timangoti ndi wosamva, mwamuna adziwonera yekha. Palibe amene amamulondola. Ife abambo, kumisonkhano ya makolo n'komwe sitipitako. Mukayang'ana pansi pa mtengo mupeza zitenje zokhazokha. Pajatu akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, koma ife timadikira mpaka mwanayo atamangidwa n'kumadabwa kuti zayamba liti.

Sukulu nazo nthawi zina zimamukankhira kumsewu komweko. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la zamaphunziro la 2013 likuti mwana aliyense aziphunzira mokakamizidwa, komabe mwana wakhala akubwezedwa pageti chifukwa cha ndalama ya chitukuko kapena yunifolomu. Wina akalakwa amamukumbitsa dzenje tsiku lonse anzake akuphunzira, kapena kumuuza kuti asabwerenso mpaka atabwera ndi kholo, pamene khololo limalawirira kuganyu kusanache. Mwana wochititsidwa manyazi pagulu amasunga mkwiyo, ndipo alipo amene amadziwa kuugwiritsa ntchito.

Ndichenjezeko apa: nkhaniyi isasanduke chifukwa choyang'anira ndi diso lokayikira mwana wovala hijabu kapena chisoti cha kumzikiti. Mkangano wa hijabu umene unalepheretsa ana kupita kusukulu ku Balaka mu 2019 unatha pamene a Public Affairs Committee, bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana, anakhazika pansi atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu. Kusala mwana chifukwa cha chipembedzo chake ndi mphatso kwa ofuna kumukopa.

Pempho langa ku Unduna wa Zamaphunziro ndi lakuti sukulu iliyonse ikhale ndi mphunzitsi mmodzi wodziwika kwa ana onse, woona za umoyo wawo, ndipo amuchepetsereko maphunziro ena kuti akhale ndi mpata womvetsera. Nambala yaulere ya 116 yothandizira ana ilembedwe pakhoma la kalasi iliyonse, ndipo mphunzitsiyo azidziwana ndi apolisi a Victim Support Unit a m'dera lake. Kwa zipani, malamulo a dziko lino kuyambira 2017 akuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wokweza ana pa lole ya kumsonkhano nthawi ya sukulu ayankhe mlandu.

Koma chachikulu tingachiyambe tokha teremu ino, popanda kudikira ndalama za boma. Makomiti a sukulu ku Kawale, Chinsapo, Mtandire, Area 23 ndi kwina konse asankhe abambo angapo ogwira ntchito limodzi ndi mother group. Mnyamata akajomba masiku atatu otsatizana, mphunzitsi wamkulu apereke dzina lake kwa abambowo, ndipo tsiku lachinayi akagogode kwawo. Akapanda kumupeza panyumba, akamufune kudepoti.

Kholo lokhudzidwa,
Area 23, Lilongwe