Kwa mwana wanga, za pulogalamu yako yomva mawu pa foni

Mwana wanga wokondedwa,

Amayi ako akuti wayamba kupanga pulogalamu yoti alimi aziimba foni n'kufunsa mitengo ya mbewu pakamwa. Ndakondwa kwambiri. Koma usanapite nayo patali, tamvera.

Usaiyesere pa laputopu m'chipinda cha zii. Foni wamba imanyamula mawu pa 8 kHz (kutanthauza kuti imawayeza ka 8,000 pa sekondi), ndipo imadula mbali yokwera kwambiri ya mawu, yopitirira 3,400 Hz, pomwe ma model ambiri (mapulogalamu ophunzitsidwa kumva mawu) anaphunzitsidwa pa 16 kHz. N'chifukwa chake "s" ndi "f" zimasokonekera. Jambula mawu kudzera pa foni yomweyo: amayi, abambo, agogo, a ku Nsanje ndi a ku Kasungu, ena ali pachigayo, ena mphepo ikuwomba. Aliyense umupemphe chilolezo kaye, umuuzenso komwe mawu ake akupita.

Whisper, model ya kampani ya OpenAI, ilibe Chichewa pa zinenero zake. MMS, model ya kampani ya Meta, ya 2023, ili nacho, koma inaphunzira kwambiri kwa anthu owerenga Chipangano Chatsopano, ndipo wogula pamsika salankhula ngati akuwerenga m'tchalitchi. Uiphunzitsenso ndi mawu omwe wajambula aja. Polemba zomwe anthu anena, sankha kalembedwe kamodzi, chifukwa wina amati "lero" wina "rero". Ndalama anthu amati "faivi sauzande", si kawirikawiri kumva "zikwi zisanu". Pulogalamu izimve zonse ziwiri.

Chimene achinyamata mumaiwala ndi moni. Mlimi sangayambe ndi funso, ayamba ndi "Muli bwanji?" Makina ayankhe moniwo mwachidule, kenaka afunse chinthu chimodzi chokha. Achikulire amapuma pakati pa chiganizo, ndiye ukaika kuti chete wa theka la sekondi ndi kutha kwa mawu, uwadula pakamwa. Yamba ndi sekondi imodzi. Koma iwo akalankhula makina ali mkati moyankha, makinawo asiye pomwepo amvetsere.

"Inde" asakhale yekha: pali "eya", "ee", "eetu", kukana kuli "ayi", "iyayi", "toto". Pa ndalama ndi kuchuluka kwa katundu, azibwereza: "Mwati matumba atatu a chimanga, eti?" Akalephera kumva kawiri, asamuvutitse munthu kachitatu, airtime ikutha. Anene kuti "Dinani 1", kapena amulumikize kwa munthu.

Patula mawu a anthu ena osawaphunzitsira makina, uziyesera pa amenewo nthawi zonse ukasintha kanthu. Unditumizireko nambala ndiimbe ndili kumunda.

Ndine bambo ako.