Oyilo akasowa popanda dontho pansi, mwina wangosamuka chipinda

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi amakanika ndi eni njinga zamoto kuno ku Mchinji. Msewu wa M12 umatibweretsera njinga zikuluzikulu za alendo olowa pa malire a Mwami, ndipo zikaima pa galaja timazigwira ngati Boxer ya kabaza: dipisitiki, kandodo koyezera oyilo, ikaonetsa kuti oyilo watsika, timangothira wina. Apa ndi pomwe timaphera injini za eni.

Boxer ili ndi oyilo wa pamodzi, pafupifupi lita imodzi, wosamalira injini, kilachi ndi magiya. Harley-Davidson ya maulendo ataliatali siili choncho. Ili ndi zipinda zitatu: cha injini, cha giya bokosi, ndi cha tcheni ndi kilachi chomwe amachitcha primary. Chilichonse chili ndi pothirira ndi pokhuthulira pake.

Pa zina mwa njinga za Harley-Davidson za injini ya Milwaukee-Eight, yomwe idayamba ndi njinga za 2017, oyilo wa mu giya bokosi amathawira mu primary. Amadzera m'kati mwa shafti yobowoka momwe mumadutsa kandodo kokankha kilachi, makamaka njinga ikathamanga nthawi yaitali ili yotentha, mpweya wa m'zipinda ziwirizi ukasiyana mphamvu. Giya bokosi imangolowa mamililita pafupifupi 830, choncho kutaya ngakhale kapu imodzi si nkhani yamasewera. Ku primary nako kukadzadza, kilachi samasuka bwino: nyutulo imavuta kupeza, giya yoyamba imalowa ndi phokoso loti gu! Wosadziwa amayamba kumasula kilachi yemwe alibe mlandu. Chofunika ndi kukhuthula zipinda zonse ziwiri, chilichonse m'jagi yakeyake yokhala ndi miyeso. Mukaona kuti wochepa uku ndi amene wachuluka uko, mwaligwira vuto. Mankhwala ake ndi kuika kapaipi kopumira pa primary. Pomwe kapaipiko sikanapezeke, bwezerani muyeso woyenera ndipo mwini wake aziyang'ana giya bokosi pa makilomita 1,000 aliwonse.

Vuto lachiwiri ndi loipa kuposa. Oyilo wa injini ya Milwaukee-Eight amakhala m'thanki yakeyake, ndipo pampu ili ndi mbali ziwiri, yotumiza ndi yobweza. Yobweza ikalephera, oyilo amadikha pansi pa injini, kulankishafti, shafti yaikulu yozunguzidwa ndi mapisitoni, n'kumasambira m'menemo. Njinga imafooka ngati yakoka ngolo, imatentha kwambiri, koma dipisitiki ikunena kuti oyilo wachepa. Mukathira wina mwawonjezera dziwe. Injini idakali yotentha, imikani njinga chilili, masulani sensa ya kulankishafti yomwe ili m'munsi, n'kutchera kapu. Pang'ono amatuluka ndithu, koma akadzadza kapu ya tiyi, pampu ndi masilu ake, timphira totchinga oyilo kuti asadutse, ziwonedwe.

Njinga za BMW R1200GS zopangidwa chaka cha 2013 chisanafike zili ndi kilachi wouma, wosakhala mu oyilo, ngati wa galimoto. Silu ya injini kapena ya giya bokosi ikatha, oyilo amanyowetsa kilachi n'kuyamba kutereka pokwera mtunda. Mphuno ikuuzani komwe wachokera, pakuti oyilo wa magiya amanunkha ngati dzira lovunda.

A kabaza asaseke, kwawonso kulipo. Kwa iwo chimasamuka ndi petulo. Kasingano kotsekera petulo mu kabuleta kakatha, kapena kakatsekerezedwa ndi zinyalala za mafuta ogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu, petulo amasefukira usiku wonse, nthawi zina n'kutsetserekera mu silinda mpaka kukasakanikirana ndi oyilo. M'mawa oyilo amaoneka kuti wachuluka, mwini n'kusangalala. Mukhudzeni ndi zala: ndi wamadzimadzi ndipo akununkha petulo. Ameneyo ndi wotaya, ndipo kasinganoko kasinthidwe. Kutseka kampopi ka petulo poimika njinga sikulira ndalama.

Palinso chizolowezi chothira oyilo mopyola mzere, ati kuti akhalitse. Wopyola mzereyo amakankhidwa kudzera m'kapaipi kopumira mpaka m'bokosi la sefa ya mpweya. Sefa imanyowa, fumbi la m'misewu ya ku Kapiri ndi Mkanda limamatirira, pulagi imada, njinga n'kuyamba kumwa petulo ngati chidakwa. Poyeza oyilo wa Boxer, njinga iime chilili pamalo osalala, osati itatsamira pa sitandi ya m'mbali, ndipo dikirani mphindi zitatu mutazimitsa injini. Pogula, werengani botolo: likhale la 20W-50 ngati buku la njingayo latero, ndipo palembedwe JASO MA, chizindikiro choti oyiloyo ndi woyenera kilachi wonyowa, wokhala mu oyilo ngati wa Boxer. Oyilo wa galimoto wopanda chizindikirochi angathe kuterereketsa kilachi wonyowa, ndiye mudzagula mapuleti atsopano nthawi isanakwane.

Makanika wa njinga zamoto,
Mchinji Boma