Akuluakulu a yunivesite, ndalama za labu zikupita kuti?

Ndalemba poyera pa tsamba lanu lino chifukwa makalata omwe ndidatumiza ku ofesi yanu ya zachuma sadayankhidwe, ndipo foni ya kumeneko imangoitana osayankhidwa.

Ndine kholo. Mwana wanga ali chaka chachitatu pasukulu panupo, akuphunzira za ukhondo wa madzi ndi zachilengedwe. Pa pepala la fizi pali mzere wa ndalama za labu, ndipo timalipira semesita iliyonse osaphonya. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mudakweza fizi, ife sitidadandaule, tidagulitsa soya ndi mbuzi n'kulipira. Koma mpaka lero mwanayu sadayezepo madzi ndi manja ake. Mankhwala oyezera ena adatha, otsalawo adatha mphamvu ali m'kabati. Makina oyezera ali pakona atakutidwa ndi pulasitiki, akuti chitsulo china chidaonongeka ndipo forex yoitanitsira china palibe. Aphunzitsi, omwe sindikuwaimba mlandu konse, amangojambula pa bolodi momwe madzi akadasinthira mtundu, ana n'kumakopera m'makope. Kalasi yonse imafola pa maikulosikopu imodzi ngati pachigayo.

Chonsecho geti yatsopano ya matailosi idatha msangamsanga. Holo yobwereketsa a maukwati ikuwala. Galimoto za mabwana zafika zatsopano, forex yake idapezeka bwinobwino. Misonkhano yokonza mapulani a sukulu mumakachitira kunyanja, ngati kuti pasukulupo palibe chipinda chokhalamo anthu.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti pa chikwangwani chilichonse mumalemba za Malawi 2063. Masomphenya amenewo, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akunena za ulimi wopindulitsa, mafakitale ndi kukula kwa matauni, ndipo zonsezo zimafuna anthu odziwa ntchito ndi manja. Tauni yomwe ikukula madzi ake adzayeza ndani? Kolera yomwe idayambira ku Machinga mu Malichi 2022 idafika maboma onse ndipo idapha anthu oposa 1,700. Isadathe n'komwe, namondwe wa Freddy adabwera mu Malichi 2023, kukokolola zimbudzi ndi kukwirira mijigo ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje. Nthawi ngati imeneyo boma limafuna achinyamata oti atenge botolo, atunge madzi pa mjigo, anene ngati anthu amwe kapena ayi. Inu mukutulutsa ana odziwa kufotokoza zimenezo pa mayeso basi. Akadzapita kumaofesi a zaumoyo adzayambanso kuphunzira kwa anthu omwe amayenera kuwathandiza.

Ngakhale midzi yoyandikana ndi sukulu yanu imamwa madzi a m'zitsime zosatetezedwa. Labu ikadakhala ikugwira ntchito, ophunzira akadamayeza madzi amenewo, iwo kuphunzira, mudzi kupindula. Ndalama zake sizingafike n'theka la mtengo wa galimoto imodzi ya bwana.

Tsono ndikupempha izi, ndipo makolo anzanga omwe timakumana pa gulu la WhatsApp akugwirizana nane. Tiuzeni polemba kuti ndalama za labu zomwe mwatolera zaka zitatuzi zidagula chiyani. Tipatseni tsiku lomwe mankhwala adzafike ndi makina kukonzedwa, ana asadalembe mayeso omaliza. Ngati simungathe, mzere umenewo muuchotse pa fizi ndipo zomwe tidalipira kale mutibwezere. Mukapanda kuyankha pomatha mwezi uno, nkhaniyi tikaitula ku bungwe loyang'anira mayunivesite la NCHE, malisiti onse tili nawo.