Za Mfumu ya Mafumu imene munandifunsa

Chitakale, Mulanje

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, kungoti chiperoni chatigwira masiku atatu tsopano. Phiri silikuoneka n'komwe, ndipo amayi othyola tiyi akulawirira atadzikulunga m'mapulasitiki.

Funso lanu lija, loti Mfumu ya Mafumu yeniyeni ndi ndani, ndakhala ndikulisinkhasinkha. Munati mnzanu wachirasta amene mumakhala naye akulimbikira kuti Haile Selassie ndiye Mfumu ya Mafumu. Chonde musamuseke. Selassie anali munthu wamkulu ndithu. Anamuveka ufumu wa Ethiopia mu 1930, ndipo asilikali a Mussolini atalanda Ethiopia anakaima yekha ku Geneva mu 1936 kudandaulira mayiko, nthawi imene ife kuno tinkalima thangata m'maesiteti a azungu. Anafikanso kuno mu 1965, paja pa phiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View mpaka lero. Koma mu 1974, njala itapulula anthu ku Wollo, chigawo china cha Ethiopia, asilikali ake omwe anamutsitsa pampando, ndipo chaka chotsatira anafera m'manja mwawo.

Nanga ife tikusowa chitsanzo pakhomo? Inu ndi ine tinakula Kamuzu ali Ngwazi, ndipo kuyambira 1971 ali pulezidenti wamuyaya. Munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Tili ana tinkaganizadi kuti imfa imamuopa. Pa 14 Juni 1993 anthu wamba, ena osavala ndi nsapato zomwe, anaima pamzere n'kusankha zipani zambiri, umuyaya uja n'kuthera pomwepo. Mu 1997 anamwalira m'chipatala cha konko ku Johannesburg.

Mwezi watha ndinali ku Thyolo, ndipo ndinafika pa Ndata pamene pagona Bingu. Ambiri kuno amamukumbukirabe chifukwa cha makuponi a feteleza, ine ndemwe ndinadya chimanga chake. Nayenso anatchedwa Ngwazi. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana nyumba yoyera ija ya Mpumulo wa Bata, ndikukumbukira m'mene Epulo wa 2012 anatidzidzimutsira. Kunali zii, mbalame zokha.

Ndiye ine yankho langa ndi ili: dzinali limamukulira munthu aliyense wobadwa mwa mkazi. M'buku la Danieli, Nebukadinezara akutchedwa mfumu ya mafumu, koma patsogolo pake timupeza kutchire akudya udzu ngati ng'ombe mpaka atavomera kuti Wam'mwambamwamba ndiye amalamulira. Ife Akhristu dzinali timalipereka kwa Yesu, monga likulembedwa pa Chivumbulutso 19:16. Bambo wina wachisilamu amene ndimagula naye usipa anandiuza kuti kwawo n'kulakwa kwakukulu munthu kudzitcha mfumu ya mafumu, pakuti ufumu wonse ndi wa Allah. Timasiyana pa zambiri, koma apa tinagwirana chanza.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti makolo athu ankadziwa izi mamishonale asanabwere. Kalonga ankalamulira dziko lalikulu la Amaravi, koma mvula ikakana, maso ankaloza ku kachisi wa ku Msinja kwa Makewana, mayi wopempha mvula. Kumunsi kwa Shire nako, Lundu ndi mphamvu zake zonse ankalemekeza kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Mfumu inkadziwa kuti pamwamba pake pali Chauta, ndipo mtambo sumva lamulo la kubwalo.

Izi ndinazionera pafupi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatigwera. Munkangomva pa foni, koma achimwene, miyala yaikulu ngati nyumba inkagubuduka kuchokera m'phiri usiku, mkokomo wake ngati magalimoto a katundu. Akuluakulu ankangoti Napolo wadutsa. Kutacha ndinaona nyakwawa ya mudzi wa amayi anga, nkhalamba yoti mano anatha, ili m'matope ofika m'mawondo, khasu m'manja, ikuitana anthu ake mayina mmodzimmodzi, ngakhale makanda. Amene sanayankhe inkakumba pamene panali nyumba yawo. Nayonso nyumba yake inali itapita. Inagona nafe pasimenti m'kalasi, ndipo ufa wachithandizo utabwera inakana kulandira mpaka amayi oyamwitsa onse atatenga. Wina atayamba kuitamanda inangoloza kumwamba n'kunena kuti, "Mwini anthuwa ali uko, ine anangondisungitsa."

Sindinaonepo ufumu woposa umene ndinauona m'kalasi muja, ndipo mwini wake ankaukana. Mnzanuyo mumuwerengere kalatayi mwaulemu, ndipo zimene ayankhe mundiuze, ndikufunadi kumva.

Nyakwawa ija ikadalipo, ngakhale miyendo ikuvuta. Inakufunsani Lamulungu lapitali. Mukamabwera pa Khirisimasi muigulireko bulangeti lochindikala, kuno kuzizira sikukuchita masewera.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine wanu,
Mnzanu wa pa Chitakale