Zithunzi zosaonetsa nkhope kapena nyumba si zolembalemba za ana

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu amene ndimawamva kawirikawiri anthu akaona chithunzi cha penti chopanda nkhope, nyumba kapena nyama yodziwika, akuti ngakhale mwana wa sitandade 1 angathe kuchijambula. Mawuwa amandiwawa, chifukwa ena mwa amene anayambitsa kajambulidwe aka ku Ulaya anayamba atha zaka zambiri akuyang'anitsitsa mitengo ndi maluwa.

Hilma af Klint, mayi wa ku Sweden wobadwa mu 1862, anaphunzira luso lojambula ku Stockholm, ndipo ankajambula zomera mosamala kwambiri moti tsamba linkaoneka ndi mitsempha yake yomwe. Mu 1907 anajambula zithunzi 10 zikuluzikulu, chilichonse chotalika kupitirira mamita 3, zofotokoza moyo wa munthu kuchokera ku ubwana mpaka ku ukalamba. M'zithunzimo simuoneka munthu ngakhale mmodzi. Muli mizere yopiringizika ngati chigoba cha nkhono, timaluwa, ndiponso tinthu tonga mbewu ndi mazira, zonse zikuyandama pa utoto wabuluu, walalanje kapena wapinki. Mwiniwakeyo ankakhulupirira kuti mizimu ndiyo inkatsogolera dzanja lake, koma ine ndikaziona ndimazindikira maso a munthu amene anazolowera kuwerama pa duwa n'kuwerenga masamba ake. Mayiyu anamwalira mu 1944 atalamula kuti zithunzizi zisaonetsedwe kufikira patapita zaka 20, ndipo pamene zinaonetsedwa ku nyumba yoonetseramo zaluso ya Guggenheim mumzinda wa New York kuyambira mu 2018, anthu opitirira 600,000 anapita kukaziona.

Umboni wina uli m'mitengo imene Piet Mondrian wa ku Netherlands anajambula. Mtengo wake wofiira, umene anauyamba mu 1908, aliyense angauzindikire. Wotuwa wa mu 1911 thunthu lake likuonekabe, koma nthambi zasanduka mizere yakuda yopingasana. Pofika mu 1912, pa mtengo wa maapozi wochita maluwa panangotsala timizere tokhota, komabe ukayang'ana bwino umaona mmene nthambi zimatambalalira kuchoka pa thunthu.

Pempho langa kwa aphunzitsi a zaluso n'lakuti aonetse ana mitengo itatuyi motsatizana, kenaka atuluke nawo panja kuti akajambule mtengo wa mango wa pasukulu katatu, ulendo uliwonse akuchotsako zina mpaka patatsala mizere yokhayokha.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Zomba